Gitala la Kachamba ndi Kwaya za m'Malokeshoni: Kuunika Kafukufuku wa Gerhard Kubik

Aliyense wa ife amene adachezerapo pa maliro ku Ndirande kapena ku Bangwe akudziwa zimene zimachitika usiku ukakula. Mabuku a nyimbo amatsekedwa chifukwa nyali yafooka, kiyibodi idatsala ku tchalitchi, ndipo mayi wina m'siwamo amangodzutsa nyimbo. Asanamalize mzere woyamba anzake amuvomera kale, ena pamwamba, ena pansi, abambo ali pa moto panjapo nkuthirira besi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wosokera. Kukacha, anthu omwewo tikawakhazika pa mabenchi a kwaya nkuwapatsa pepala la sol-fa, kuimba kuja kumauma. Mphunzitsi wa kwaya amayamba kuwadzudzula kuti alto ikulondola soprano ngati mwana wa mbuzi, kuti akulowa msanga, kuti sakuwerenga. Tsono ife tikufunsa: kodi usiku uja ankatsata malamulo anji, amene masana ano tikuwalanda?

Funso limeneli likukhudza ansembe ndi aseminale kwambiri, pakuti ndife amene timavomereza kapena kukana nyimbo zolowa mu Misa, ndipo kawirikawiri timatero popanda chodalira china koma khutu lathu ndi zimene tidazolowera ku seminale yaing'ono. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za Liturjiya chotchedwa Sacrosanctum Concilium, cha pa 4 Disembala 1963, udalamula m'ndime 115 kuti maphunziro a nyimbo alemekezedwe m'maseminale. M'ndime 119 udanena kuti m'maiko a mishoni nyimbo za eni dziko zipatsidwe malo oyenera, ndiponso kuti amishoni aphunzitsidwe bwino kuti athe kuzikweza m'sukulu ndi m'mapemphero. Kuzipatsa malo tidayesetsa ndithu, ng'oma ndi maseche zidalowa m'tchalitchi. Koma kuziphunzira mwakuya tidasiyira ena. M'nkhani ino tifuna kuunika ntchito ya mmodzi mwa enawo, amene adapeza nkhani yake m'misewu ya Blantyre momwe muno, kuti tione chimene adatipatsa ndi chimene adatisiyira kuti tichite tokha.

Mlendo wa ku Vienna ndi anyamata a ku Chileka

Gerhard Kubik adabadwira ku Vienna, m'dziko la Austria, mu 1934, ndipo adayamba maulendo ake a mu Africa mu 1959. Asanadziwane ndi banja la a Kachamba anali atakhala kale pa mapazi a oimba a ku Buganda, kuphunzira kuliza mangolongondo awo otchedwa amadinda. Mu 1967, ali mu mzinda wa Blantyre, adamva anyamata akuimba m'mbali mwa msewu ndi gitala, chitoliro chachitsulo, maseche ndi besi ya chingwe chimodzi yomangirira pa bokosi. Mtsogoleri wawo anali Daniel Kachamba, wa zaka pafupifupi 20, ndipo woliza chitoliro anali mng'ono wake Donald, akali mnyamata. Kwawo kunali kwa Singano, ku Chileka. Kubik adawatsatira kumudziko, nawajambula pa tepi ndi pa kanema, ndipo chibwenzi chimenechi chidakhalitsa mpaka imfa ya Daniel mu 1987 ndi ya Donald mu 2001.

Zipatso za kafukufukuyu zili m'mabuku angapo. Mu 1974 nthambi ya Institute for African Studies ya pa University of Zambia idatulutsa The Kachamba Brothers' Band. Mu 1987 ku Zomba kudasindikizidwa Malawian Music: A Framework for Analysis, buku limene Kubik adalemba mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba mwini wake. Mu 1989 ku Berlin kudatuluka mbale zotchedwa Opeka Nyimbo, za oimba a m'chigawo cha kumwera kwa Malaŵi. Maganizo ake onse pa za kapangidwe ka nyimbo za mu Africa adawasonkhanitsa m'magawo awiri a Theory of African Music, loyamba mu 1994, lachiwiri mu 2010.

Kubik sanali woyamba kufufuza nyimbo za kuno. Hugh Tracey, amene adakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, adayendera Nyasaland ndi makina ake ojambulira m'zaka za m'ma 1950. A. M. Jones, wansembe wa Anglican amene adagwira ntchito ku Northern Rhodesia, adasindikiza Studies in African Music mu 1959. Komabe mtima wa ofufuza ambiri a nthawi imeneyo unali pa nyimbo za kumudzi, zimene ankaopa kuti zikutha, ndipo nyimbo za m'tauni ankaziyesa zosakaniza, zosayenera kutayirapo nthawi. Chachilendo chimene Kubik adachita ndi chakuti anyamata oimbira makobiri pa msewu adawafufuza ndi ulemu womwewo umene adafufuzira oimba a ku nyumba ya mfumu ya ku Buganda. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anthu ambiri ophunzira ankawapitirira anyamatawo tsiku ndi tsiku, koma amene adaima nkumvetsera anali mlendoyu.

Mbiri imene ikutikonza

Phunziro loyamba la mabukuwa ndi la mbiri. Nyimbo za chitoliro zimene a Kachamba ankaimba ndi kwela, imene idakula m'malokeshoni a ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, natchuka ndi oimba monga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso. Anyamata a ku Joni aja ankatsanzira jazi wa ku America amene ankamumva pa mbale za galamafoni ndi m'makanema, koma popeza analibe malipenga, adagwira chitoliro chotsika mtengo. Kwela idakwera kumpoto pa mbale, pa wailesi ndi m'masutikesi a amuna obwerera ku migodi pa Wenela. Banja la a Kachamba lidakhala zaka ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo bambo wawo James anali woimba gitala. Pa gitala la Daniel padakumananso rumba yochokera ku Congo, sinjonjo wochokera kumwera, ndi hauyani, ndiye kuti kalizidwe kotsetsereza botolo kapena chitsulo pa zingwe, kamene dzina lake likuchokera ku Hawaii. Pamene kwela inali kuzilala ku South Africa, ku Chileka inali kukhwima, ili ndi mau a Chicheŵa ndi nkhani za kwathu kuno.

Mbiri imeneyi ikutsutsa maganizo amene ambiri mwa ife tili nawo pa nkhani yolowetsa chikhalidwe m'chipembedzo. Timaganiza kuti chathu ndi chokhacho chimene chidachokera kumudzi, ndipo gitala ndi lachilendo, la ku bala. Koma taganizirani parishi ya ku Ndirande, ya ku Chilomoni kapena ya ku Zingwangwa. M'tchalitchi limodzi muli Alomwe a ku Thyolo ndi Mulanje, Ayao a ku Chiradzulu, Angoni a ku Ntcheu, Asena a ku Nsanje, Amang'anja, ndi Atumbuka obwerera ntchito. Tikati tiimbe za makolo, tikunena makolo a yani? Wa tchopa sadziwa mapondedwe a ngoma, ndipo wa valimba sadakulire mu manganje. Mwana wobadwira ku Machinjiri mwina sadavinepo ndi chimodzi chomwe mwa zimenezi. Chimene onsewa amamva ngati chawo ndi nyimbo ya m'tauni, imene idaphikidwa ndi anthu onga a Kachamba m'mphika umodzi kuchokera ku zinthu zambiri. Kubik akutisonyeza kuti chipangizo chingathe kuchokera kutali, pamene nzeru yochilizira ndi ya pano. Wansembe amene akana gitala m'dzina la chikhalidwe, nalola limba m'dzina la ulemu, waiwala kuti zonse ziwirizi zidabwera pa sitima.

Mau amene Kubik adaika pa mutu wa buku la 1974 potchula nyimbozi amatanthauza zamakolo zatsopano. Ife mauwa satikhutiritsa kwenikweni, chifukwa akukhala ngati akupepesera nyimbozo, ngati kuti sizingalemekezeke pokhapokha zitasonyeza kalata ya kumudzi. Komabe tikumvetsa kuti mu 1974 munthu ankayenera kulankhula motero kuti akatswiri anzake amutchere khutu.

Malamulo amene ali m'manja ndi m'mapazi

Phunziro lachiwiri, limene kwa ife ndi lalikulu koposa, ndi la kapangidwe ka nyimbo. Tidzatchula mfundo zitatu zokha.

Yoyamba ndi ya nthawi. Ku seminale tidaphunzira kuti nyimbo imagawidwa m'zipinda ndi mizere yoimirira, ndipo kugunda koyamba m'chipinda chilichonse ndiko kolemera. Kubik akufotokoza kuti oimba a kuno amayenda pa timagunda ting'onoting'ono tofanana, tothamanga, timene timamveka m'maseche ngakhalenso m'mutu mokha, ndipo timagundati timapanga mkombero wobwerezabwereza, kawirikawiri wa 12, 16 kapena 24. M'kati mwa mkomberowo phazi la wovina limaponda pake, manja amaomba pawo, woyambitsa nyimbo amalowa pake, ovomera pawo, ndipo malo amenewa sayenera kugwera pamodzi. Kukoma kwake kuli m'kulukana kwa zonsezi. Nchifukwa chake nyimbo ya ku maliro ija ikalembedwa mokakamiza m'zipinda za magunda anai imatsimphina. Nchifukwa chakenso kiyibodi yodziimbira yokha ng'oma, imene yafala m'makwaya athu, imaphwanya nyimbo zambiri: woliza amasankha kamenyedwe kamene adakapeza m'makinamo, ndipo mpingo wonse umakokedwa kuti ulowe m'goli limene silidasemedwere khosi lake.

Yachiwiri ndi ya kugwirizana kwa mau. Kubik adaona kuti m'madera ambiri a pakati ndi kumwera kwa Africa woimba wachiwiri amapeza mau ake podumpha sitepe imodzi pa makwerero a chuni kuchokera pamene pali woyamba, ndipo awiriwo amakwera ndi kutsika limodzi. Lamulo ndi limodzi, koma zotuluka zake zimasiyana malinga ndi makwerero a mtundu wa anthuwo: kumene makwerero ali ndi masitepe asanu ndi awiri mau amatalikirana pang'ono, kumene ali ndi asanu amatalikirana mokulirapo. Izi ndi zimene amayi a m'siwa amachita osaphunzitsidwa ndi munthu wa pepala. Mphunzitsi wa kwaya amene adaloweza malamulo a ku Ulaya a mau anai, oletsa mitundu ina ya kuyendera limodzi kotere, amachiyesa cholakwa chimene kwa eni ake ndi lamulo. Momwemonso magwiridwe atatu a zala amene anyamata a kwela amabwereza pa gitala amaoneka ngati a m'buku la nyimbo za azungu, koma ntchito yake ndi ina. M'nyimbo ya ku Ulaya magwiridwewo ndi ulendo wopita ku mathero. Mu kwela ndi gudumu lozungulira, limene woliza chitoliro amakwerapo kuti apeke zatsopano nthawi iliyonse.

Yachitatu ndi ya khutu. Kale mu 1962, kuchokera ku zimene adaphunzira ku Uganda, Kubik adalemba kuti m'nyimbo zothamanga za zipangizo womvera amamva tinyimbo timene palibe dzanja limene latiliza patokha. Khutu limatola mau apamwamba nkuwalumikiza, limatolanso apansi nkuwalumikiza, ndipo wopeka waluso amakonza dala kuti zitero. Amene adamvapo Daniel Kachamba pa wailesi nkuyesa kuti akuimba anthu awiri kapena atatu, pamene ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala basi, akudziwa chimene chikunenedwa. Pofuna kugwira zinthu zotere Kubik sadakhulupirire khutu lake lokha. Mu 1965 adafotokoza njira yolembera nyimbo kuchokera pa kanema, kuyang'ana chithunzi chimodzichimodzi kuti aone pamene dzanja lamenya, ndipo adaiyesa pa mangolongondo otchedwa mangwilo a kumpoto kwa Mozambique. Kwa iye nyimbo ya kuno ndi mayendedwe a thupi asanakhale mau omveka. Ngakhale kagwiridwe ka chitoliro adakaunika: anyamata a kwela amachilowetsa mkamwa mozama, chopendekera ku tsaya, ndipo motero chimalira mokweza ndi monenepa, nkutulutsa mau amene wochipanga ku fakitale sadawaganizireko. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Katswiri ndani?

Apa mpamene kafukufukuyu akukhudza mwambo wathu wa maphunziro. Boethius, amene adafa cha m'ma 524, m'buku lake De institutione musica adagawa anthu a nyimbo m'magulu atatu: oliza zipangizo, opeka, ndi oweruza mwa nzeru. Kwa iye katswiri weniweni anali wachitatuyu, ndipo woliza anali ngati wantchito chabe. Maganizo amenewa adalamulira sukulu za Eklezia zaka mazana ambiri, ndipo Guido wa ku Arezzo, mmonke wa m'zaka za m'ma 1000 amene adakonza kalembedwe ka pa mizere, nayenso adasiyanitsa wodziwa ndi wongoimba. Sol-fa imene makwaya athu amagwiritsa ntchito, imene John Curwen adaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo amishoni adafika nayo kuno, ndi mdzukulu wa ntchito ya Guido. Pamodzi ndi zabwino zake tidalandiranso kunyada kwake, kwakuti wowerenga pepala ndiye wodziwa nyimbo.

Mabuku a Kubik akugwetsa kunyada kumeneku popanda phokoso. Iye adalemba maina amene oimba eni ake amatchulira makiyi a gitala, magule ndi zigawo za zipangizo zawo, nawatenga ngati mau a sayansi oyenera kumasuliridwa mosamala. Adaphunzira Chicheŵa. Adalowa m'gulu la Donald Kachamba ngati woimba mnzawo, nayenda nalo m'maiko ambiri, kutanthauza kuti adalola kukonzedwa ndi mnyamata wa kwa Singano akaphonya. Donald adasanduka wofufuza mnzake, ndipo mu 1999 adakaphunzitsa pa University of California ku Los Angeles. Moya Malamusi adakhazikitsa Oral Literature Research Programme ku Chileka mu 1989, nakhala katswiri wolemba zakezake. Anthu a m'malokeshoni, amene mpaka lero amati Dr. Daniel Kachamba, adaweruza nkhaniyi kale m'njira yawo.

Kwa ife ansembe phunziro lake ndi la uzimu ndithu. Amene afuna kubatiza chikhalidwe ayambe wakhala wophunzira wake. Papa Paulo VI, polankhula ku Kampala mu 1969, adauza Aafrika kuti angathe, ndiponso ayenera, kukhala ndi Chikhristu cha Chiafrika. Mau amenewa timawabwereza kawirikawiri, koma mtengo wake ndi kukhala pansi pa mphasa, kufunsa mayi woyambitsa nyimbo kuti amadziwa bwanji polowera, ndi kulemba yankho lake monga momwe walinenera.

Pamene ntchitoyi ikuperewera

Tikadakhala osaona mtima tikadangoyamika. Pali zinthu zitatu zimene wowerenga wa m'seminale ayenera kuzidziwa asanatsegule mabukuwa.

Choyamba, mbali yaikulu ya kafukufukuyu idalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chijeremani, nisindikizidwa kunja, ndipo matepi ambiri a Kubik amasungidwa ku Phonogrammarchiv ya ku Vienna. Sitikunena kuti adaba, pakuti kusunga bwino kumafuna nyumba ndi ndalama, ndipo buku la 1987 lidasindikizidwa ku Zomba dala kuti lifike kwa Amalaŵi. Komabe zotsatira zake nzakuti wophunzira wa ku Berlin amafika msanga pa nzeru za Daniel Kachamba kuposa mphunzitsi wa kwaya wa ku Bangwe, lokeshoni imene dzina lake limamveka chimodzimodzi ndi la chipangizo cha zingwe chimene ofufuzawa adachijambula m'midzi. Mlandu umenewu ukugwera ifenso, amene tili ndi malo osindikizira mabuku ndi mawailesi a Mpingo koma sitidamasulire nzeruzi m'chilankhulo cha oimba athu.

Chachiwiri, pa nyimbo za m'tauni kafukufukuyu adatsamira kwambiri pa banja limodzi la anthu aluso lodabwitsa. Kuzama kwake kudachokera pomwepo, ndipo malire ake alinso pomwepo. Daniel Kachamba sangaimire woimba aliyense wa ku Ndirande, monganso Allan Namoko ndi banjo yake anali ndi njira yakeyake. Amene atenga zopezeka kwa Singano nkuziyesa lamulo la Blantyre yense alakwira Kubik yemwe, amene amachenjeza kawirikawiri kuti nyimbo zimapekedwa ndi anthu okhala ndi maina, ndipo mtundu wonse supeka nyimbo.

Chachitatu, mafunso a Kubik ndi a katswiri wa chikhalidwe cha anthu. Amatiuza mmene nyimbo idamangidwira, kumene idachokera, ndi mmene khutu limailandirira. Satiuza ngati ili yoyenera pa Guwa, ndipo sitingamuimbe mlandu pa ntchito imene sadailonjeze. Ndime 112 ya Sacrosanctum Concilium ikuphunzitsa kuti nyimbo imakhala yoyera koposa pamene ilumikizana kwambiri ndi mwambo wa Liturjiya umene ukuchitika, ndipo ndime 120 ikusiya m'manja mwa Aepiskopi kuloleza zipangizo zina kupatula limba, zikakhala zoyenera. Kuweruza kumeneku nkwathu. Sinjonjo wokoma pa ukwati sangakhale wa Mwanawankhosa wa Mulungu chifukwa chakuti ndi wa Chiafrika basi. Koma munthu sangaweruze bwino chinthu chimene sadziwa mmene chidapangidwira, ndipo apa mpamene mabukuwa akutigwira dzanja.

Munda umene udatsala: mau ndi chuni

Gulu la oimba lalikulu koposa m'malokeshoni a Blantyre ndi makwaya a mipingo, pamodzi ndi amayi oimba m'miphakati ndi pa maliro. Lamulungu lililonse amapeka, amasintha, amabwerekana nyimbo ndi mipingo ina. Alleluya Band, imene idayambira pa parishi ya Balaka mu 1978, idasonyeza kuti bwalo la tchalitchi lingathe kubala mayimbidwe ofalikira dziko lonse, ndipo mayimbidwe amenewo adabwereranso m'makwaya. Uwu ndi munda woyenera kuulima ndi makasu amene Kubik adasula, ndipo mzere woyamba kuulima ndi wa ubale wa mau ndi chuni.

Chicheŵa ndi chilankhulo chimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo. Mu mtengo womera m'nkhalango liwu limakwera pa te, mu mtengo wa katundu pa msika silikwera. Khungu la pa thupi limakwera poyamba, khungu la maso limakwera potsiriza. Akatswiri a chilankhulo adazifotokoza bwino zimenezi, monga Laura Downing ndi Al Mtenje m'buku lawo The Phonology of Chichewa la mu 2017. Zoona, nkhani yonse ya chiganizo imathandiza womvera kuti asasokere, ndipo palibe Mkhristu amene pa Lachisanu Loyera adzayesa kuti tikuimba za ndalama zogulira mtanda. Komabe chuni ikamalimbana ndi mau mzere ndi mzere, khutu limatopa, ndipo anthu amaleka kumvera zimene akuimba. Palinso china. Mau a Chicheŵa amakokedwa pa phatikizo lotsatira kumapeto, monga lu mu Mulungu, pamene nyimbo zambiri za ku Ulaya zimatsiriza mzere ndi liwu lalitali ndi lolemera pa phatikizo lomaliza. Zomasuliridwa zathu zambiri zimatikakamiza kukoka ngu, chinthu chimene sitichita polankhula. Wopeka wa m'siwa salakwa chotere, chifukwa chuni yake imamera kuchokera m'kalankhulidwe. Ngati Mau a Mulungu ndiwo mwini wa nyimbo ya mu Misa, monga ndime 121 ikufunira ponena kuti mau a nyimbo atengedwe makamaka m'Malembo Oyera ndi m'Liturjiya, ndiye kuti nkhani ya chuni yopotoza mau ndi nkhani ya chiphunzitso, yoyenera kuisamala monga timasamalira kumasulira kwa Malembo.

Chitsanzo cha ku Solesmes

Ena adzati kujambula ndi kuwerenga timagunda si ntchito ya wansembe. Tiwakumbutse mbiri ya nyimbo za Gregori zimene timazilemekeza. Pofika zaka za m'ma 1800 zidali zitaonongeka m'mabuku osindikizidwa, ndipo amene adazibwezeretsa anali amonke a ku Solesmes, ku France, nyumba imene Prosper Guéranger adaitsegulanso mu 1833. Amonkewo adayendera malaibulale, najambula zolembedwa pamanja zakale, nazifananitsa mzere ndi mzere, ndipo kuyambira mu 1889 André Mocquereau adayamba kuzisindikiza mu Paléographie musicale. Pa maziko a kafukufuku ameneyu Papa Pio X adatulutsa malamulo ake a nyimbo za m'tchalitchi mu 1903, ndipo Graduale ya ku Vatican idatuluka mu 1908. Eklezia adakonza pemphero lake loimbidwa podalira anthu odekha amene adayamba ndi kusonkhanitsa umboni. Zolembedwa zakale zathu ife zili m'makosi a amayi a ku Chilomoni ndi a ku Zingwangwa, ndipo sizidzakhala m'laibulale kutidikira zaka mazana, pakuti mayi wotere akamwalira nyimbo zake zimatsikira naye m'manda.

Chimene tikupempha nchochepa, ndipo chingatheke popanda thandizo lakunja. M'maseminale athu aakulu, ku Kachebere ndi ku St. Peter's ku Zomba, buku la 1987 liwerengedwe pambali pa sol-fa ndi nyimbo za Gregori. Mseminale wotumidwa ku parishi ya m'tauni pa nthawi ya ntchito za utumiki apatsidwe ntchito yojambula nyimbo khumi za m'miphakati ndi za pa maliro, atapempha chilolezo kwa eni ake. Lamya ya m'manja imene ali nayo ingathe kujambula mau ndi kanema womwe, zimene Kubik mu 1967 ankazisenzera makina olemera. Alembe dzina la wopeka ngati likudziwika, malo, tsiku, mau onse, mkombero wa nyimboyo, pamene manja akuomba, ndi mau amene oimbawo amagwiritsa ntchito pofotokoza luso lawo. Zojambulazo zisungidwe ku seminale, zina zibwezedwe ku parishi kumene zidachokera. Makomiti a Liturjiya, asanavomereze nyimbo yatsopano, ayambe aiwerenga mokweza ngati chiganizo wamba, kenaka aiimbe, ndi kuona ngati chuni yatsata kalankhulidwe. Oliza kiyibodi aphunzitsidwe kuzimitsa ng'oma ya m'makina ndi kutsatira woomba ng'oma wamoyo.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchitoyi idzafuna ansembe, masisitere, akatekisiti, aphunzitsi a kwaya ndi akatswiri a ku yunivesite. Woyamba kupindula adzakhala mphunzitsi wa kwaya uja tidamusiya akudzudzula alto. Akadzadziwa kuti amayiwo akutsata lamulo limene lili ndi dzina ndi mbiri, adzasiya kulimbana nalo, nayamba kuligwiritsa ntchito pophunzitsa Salmo la pa Lamulungu likudzalo.